Malo Achitatu a Bambo Chidzanja

Malemu anabadwa pa 9 Maio 1941 ku Domwe, m'boma la Angónia, ndipo dzina lawo lonse ndi Bambo Sebastião Chidzanja. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni mpaka kwarta kalasi, kalasi yachinayi. Masamu ankangowamwa ngati madzi, koma khasu ayi ndithu, akwathu mukudziwa.

Mu 1962 anatsikira kuno ku Tete n'kulembedwa ntchito yonyamula zipangizo za mzungu wina wopima misewu. Pa 21 Agosto 1965 anakwatira Mayi Isabel Nangozo, namanga banja ku Degue. Mwana wawo woyamba, Albertina, anabadwa mu 1967.

Bwana wawoyo anali ndi luneta, chipangizo choonera nyenyezi, ndipo ankajambula nayo thambo. Mu Junho 1974, poyerekeza zithunzi ziwiri za masiku osiyana, malemu anaona kuti kadontho kamodzi kasuntha pamene nyenyezi zonse zili m'malo mwake. Bwanayo anawauza kuti kameneko ndi limodzi mwa matanthwe amene amazungulira dzuwa pakati pa Marte ndi Jupiter, ndipo mwina panalibe wina amene analionapo. Anawaphunzitsanso kuti njira ya thanthwe lotere imadziwika ukaliona pa malo atatu. Iwo anali ndi malo awiri okha. Chithunzi chachitatu sichinajambulidwe, chifukwa ulamuliro wa atsamunda unali kugwa ndipo mzungu uja analongedza, luneta n'kupita nayo kwawo. Malemu anatsala ndi kabuku ka manambala. Tinkawaseka, eee, kuti anzawo akuvina ufulu, iwo ali kukamwa yasa, kufunafuna mwala kumwamba.

Pa 3 Novembro 1986 Albertina ankachokera ku Angónia kokatenga mbatata zoti amayi ake agulitse, ndipo galimoto imene anakwera inaotchedwa ndi anthu a mfuti. Mtembo wake sunapezeke. Mu 1987 mayi wina anati anamuona ku Zóbue atasenza katundu. Mu 1989 mphunzitsi wina anamuona pa msasa wa othawa nkhondo ku Dedza, ali ndi khanda kumbuyo. Malemu anapitako, koma anapeza atasamuka. Malo awiriwo ndi masiku ake anawalemba m'kabuku komwe kaja.

Ife abale tinakhala pansi kawiri konse kuti tichite mwambo wa maliro, timete, mzimu wa mwana upume. Malemu anakana kwamtuwagalu. Anati munthu amene waoneka kawiri sanafe, njira yake ndiyo sinadziwike, ndipo akaoneka kachitatu adzamulondola mpaka kumupeza. Ineyo, mng'ono wawo, ndinawalankhula mawu owawa tsiku lachiwirilo, ndipo lero mawuwo akuwawa ine. Malori ochokera kumalire akamafika, ankawapeza ali chilili pa mlatho waukulu wa mumzinda muno, dzuwa la Tete lili paliwombo, akufunsa mlendo aliyense za mtsikana wamtali wa chipsera pachibwano. Anamusowa mwana wawo, abale, anamusowa zedi.

Anayamba kudwala chifuwa mu Maio chaka chino. Nkhani ya mtendere ya pa 4 Outubro anaimvera ali pamphasa, ndipo kuyambira tsikulo sanalole kuti chitseko chitsekedwe, poti mwina Albertina angatulukire. Anatisiya Lachiwiri, pa 17 Novembro 1992, ali ndi zaka 51.

Asiya mkazi wawo, Mayi Nangozo, ndi ana atatu: Albertina, Ernesto ndi Bernardo. Inde, atatu. Zidzukulu nazonso ndi zitatu, ziwiri mukuziona apazi, chinacho ndi khanda la ku Dedza lija, limene dzina lake sitilidziwa. Umu ndi mmene anatilamulira kuti tiwerenge, ndipo lero sititsutsanso.

Tikuthokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, amayi a pamsika ndi anansi onse a ku Degue amene mwatigwira mkono. Pempho lathu ndi limodzi. Anthu ayamba kubwerera kuchokera ku Malawi. Wina akadzakuuzani kuti anamuona Albertina, mufunseni malo ndi tsiku, mudzauze Ernesto. Kabuku kali ndi iye, ndipo mzere wachitatu udakali wosalembedwa.

Achimwene, mzimu wanu uuse mumtendere. Pa mlatho paja tiziima ndife.