Dzina la Tadala pa Khoma la Khitchini Yanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, achinyamata nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Aleluya! Sindinakumveni, abale. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Mawu anga akamanjenjemera mundipirire, chifukwa zimene ndinene pano ndikamazikumbukira mtima umagundabe.

Ambiri mumandidziwa kuti ndine mayi a Chisomo, amene ndimagulitsa kachewere pa Chimbiya. Ndili kuno pa chitengwa, kwathu ndi ku Mayani. Sukulu ndinalekeza ndili mtsikana, koma ana atakula pang'ono ndinabwererako, ya masana ija, mpaka ndinakhoza Folomu 4. Kenaka ndinafunsira malo ku yunivesite ina kuti ndikaphunzire za uphunzitsi. Anandiyankha kuti ndikayambe ndalemba mayeso olowera, ku Lilongwe.

Abale anga, mayeso amenewo ali ndi gawo lina limene linandizunguza mutu. Amatenga mawu odziwika n'kuwabisa. Amati, ngati DZUWA likulembedwa EAVXB, nanga MWEZI ulembedwa bwanji? Iwe uzindikire wekha kuti chilembo chilichonse achisunthira kutsogolo kamodzi: D wasanduka E, U wasanduka V. Pena amaika manambala m'malo mwa zilembo, A ndi 1, B ndi 2, choncho mpaka Z. Ukazindikira lamulo lake, wakhoza. Ukachedwa, nthawi yakuthera.

Aphunzitsi amene ankatithandiza anandiuza kuti, "Mayi, izi zilibe mankhwala, n'kuzolowera basi. Tengani mawu alionse amene mwawaganiza muziwabisa nokha, n'kumawamasulanso."

Ndiye ine ndinkatero. Ndikamadikira nyemba kuti zipse, ndinkatola khala n'kumalemba pa khoma la khitchini. Ndinkabisa mayina a zinthu, khasu, mbuzi, mtondo. Tsiku lina kamwana ka mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, kanabwera kudzaotha moto. Dzina lake ndi Tadala, ndipo ndimakakonda ngati kanga komwe. Kanati, "Azakhali, lembaninso langa." Ndinalemba TADALA, pansi pake 20, 1, 4, 1, 12, 1, pansi pakenso UBEBMB. Kanaseka, kanadumphadumpha, kanapita. Ine sindinafufute. Ndikanafufutiranji? Munali chiyani m'menemo?

Inali nyengo ya chisanu, chisanu chathu cha Dedza chino cholowa m'mafupa. Sabata yomweyo ya mayeso Tadala anayamba kutentha thupi. Anayamba kutsokomola, kenaka kubanika. Mayeso ali mawa lake, masana ndikuchokera kudimba, ndinapeza anthu adzaza pakhomo panga. Anthu, abale! Ena ali m'khitchini, ena akusuzumira pa khomo, ena akulozerana khoma.

Mlamu wanga anali atakhala pansi pa fumbi, mwana ali pa miyendo. Atangondiona anakuwa. "Ndi ameneyu! Wamulemba mwana wanga pa khoma! Wamuika manambala! Wamugulitsa kwa asataniki kuti apite ku yunivesite!"

Dengu linandigwa pa mutu.

Ndinati, "Alamu, si choncho ayi. Ndi za mayeso. Taonani, T ndi chilembo cha nambala 20, A ndi choyamba..."

"Mwamva? Wavomera! Wavomera kuti analemba ndi iyeyo!"

Apongozi anga anabwera pafupi, n'kuloza mawu a pansi aja. Anati, "Inu mayi a Chisomo, ife sitinapite kusukulu, koma makutu tili nawo. Tawerengani apa mokweza timve ngati ndi Chichewa kapena Chingerezi."

Abale, UBEBMB mungamuwerenge bwanji? Tayesani m'mitima mwanumo. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndipo kukhala chete kwangako kunandipha. Wina kumbuyo anati, "Ndi chiyankhulo chawo chimenecho." Wina anati, "Tenthani khitchiniyo." Ndinaona mnyamata wina akuzula udzu pa denga. Amayi amene ndimakhala nawo pa msika tsiku ndi tsiku, kugawana chinangwa chootcha, anandiyang'ana ngati njoka yalowa m'nyumba.

Koma chimene chinandiopsa kwambiri si moto. Si mkwiyo wa anthuwo. Anali mwana. Ndinkamuona nthiti zikulowa m'kati akamapuma, milomo itayamba kuda. Ndipo palibe amene ankanena za chipatala. Onse ankadikira ine kuti ndimumasule.

Ndinagwada. Pamaso pa mudzi wonse ndinagwada pa fumbi. Ndinati, "Ine mundimange, mundimenye, nyumba mutenthe. Koma mwanayu apite kuchipatala tsopano lino. Chonde, alamu, chonde."

Mlamu wanga anamukumbatira mwana mwamphamvu. Anati, "Akafere m'njira? Fufuta zimene wachitazo, mumasule pompano!"

Ndifufute? Ndikafufuta ndiye kuti ndavomera. Ndikapanda kufufuta ndiye kuti ndikukana kumasula mwana. Mbali zonse kunali phompho. Ndinangoti chamumtima, "Yesu, Inu munaliona dzanja langa likulemba. Ndiyankhulireni."

Amuna anga amacheka matabwa ku Phiri la Dedza. Wina anali atawaimbira foni. Tinangomva njinga yamoto ya kabaza ikuima, iwo n'kutsika, utuchi uli m'mutu monse. Anthu anapatuka. Analowa m'khitchini, anayang'ana khoma nthawi yaitali, n'kutuluka. Ine mtima uli m'mwamba. Uyu ndi mchemwali wawo wa bere limodzi, awa ndi mayi awo owabala. Ine ndine ndani? Mlendo wa ku Mayani.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anapita kwa mchemwali wawo, anawerama, anamunyamula Tadala. Anati, "Achemwali, kwerani njinga. Milandu tidzakamba mwana ali moyo." Mawu awo anali otsika, koma palibe anatsutsa. Mnyamata wa udzu uja anauponya pansi.

Asananyamuke anatembenuka n'kundiuza kuti, "Mawa mupite mukalembe."

Njinga itapita, apongozi anandiyandikira. Anati, "Pitani ku Lilongweko. Koma mdzukulu wanga akatisiya inu muli kumeneko, musadzapondenso pa mudzi uno. Ana anu tidzalera tokha."

Amayi anzanga, inu amene muli ndi ana, mundiuze. Mukanatani? Ndikapita, anena kuti wathawa, wapita kukamaliza nsembe yake. Ndikakhala, zaka zonse zimene ndinakhala pa desiki limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga zapita pachabe, ndipo dzina la mfiti likhalabe pa ine. Ndinalira. Ndinapemphera. Ndinaliranso. M'mawa nkhungu ili mbuu, ndinawapsompsona ana anga osadziwa ngati ndidzawaonanso, ndinakakwera minibasi pa Chimbiya. Ndinayesa kuimba foni ya amuna anga, sinkapezeka. Ndinayesanso pa Linthipe, sinkapezeka.

Pa khomo la chipinda cha mayeso anatiuza kuti tizime mafoni n'kuwasiya m'zikwama kunja. Abale, kuzima foni imene ija kunali ngati kutseka maso a mwana ndi dzanja langa.

Magawo oyamba ndinalemba, kaya bwanji. Kenaka ndinatembenuza pepala, n'kukumana nazo. Zilembo zosokonezeka, manambala ondandalikana, zofanana ndendende ndi za pa khoma langa. M'makutu mwanga munkangomveka, "Wamugulitsa! Wamugulitsa!" Mpaka ganizo loipa linandibwerera: kodi mwina n'zoona? Kodi mwina ndikayankha izi mwana atsirizika? Mukuona mmene mdyerekezi amagwirira ntchito? Bodza ukalimva kwa anthu ambiri, nawenso umayamba kulikhulupirira.

Anzanga akulemba, ine ndangoti kakasi. Woyang'anira mayeso, mayi wina wamkulu ndithu, anaima pambali panga n'kunong'ona, "Mayi, mukudwala?" Ndinapukusa mutu. Anati, "Ndiye lembani, nthawi ikutha."

Ndinatseka maso. Ndinati, "Ambuye, zilembo izi zilibe mphamvu pa moyo wa munthu. Moyo wa Tadala uli m'manja mwanu, si mwanga. Mugwireni Inu, ine ndigwire cholembera." Pemphero lake linali lomwelo basi.

Nditatsegula maso, ndinatola cholembera. Ndinalemba A mpaka Z m'mphepete mwa pepala, manambala pansi pake. Funso loyamba, asunthira kutsogolo kawiri. Lachiwiri, abwerera m'mbuyo. Lina anangotembenuza mawu kuyambira kumapeto. Zinayamba kumasuka, abale, chimodzi chimodzi, ngati mfundo za chingwe. Sindinamalize onse, ndisaname pamaso pa Mulungu. Anati "Imani" ndidakali ndi mafunso ena. Koma ndinalemba.

Nditatuluka ndinathamangira chikwama. Kuyatsa foni, nthawi yomweyo inalira. Amuna anga. Ndinaiyang'ana ikulira, ndikuopa kuyankha. Ndinakhala pansi kaye pa simenti, kuti ngati ndi uthenga wa maliro undipeze ndili pansi.

Anati, "Mayi a Chisomo." Ndinati, "Ee." Anati, "Chinali chibayo. Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono tikanamutaya. Amuika paipi ya mpweya, ndipo tsopano watsegula maso. Akufuna phala."

Ndinakuwa! Pakati pa anthu osawadziwa, mu mzinda wa eni, ndinakuwa "Yesu!" mpaka alonda anathamangira kudzaona.

Sindinganene kuti zonse zinakhala bwino tsiku lomwelo, ayi. Nditabwerera, ena ankandithawabe pa mjigo. Kachewere wanga ankaola pa msika chifukwa anthu a m'mudzi sankafuna kundigula. Apongozi mpaka lero timangopatsana moni, ndipo ndikupempha muwapempherere, chifukwa mantha ndi amene anawayankhulitsa. Koma mlamu wanga atatuluka m'chipatala anabwera yekha kunyumba, mwana ali kumbuyo. Anaima pakhomo. Anangoti, "Alamu, mukanapanda kugwada paja..." n'kuyamba kulira. Nanenso ndinalira. Sitinakambe zambiri.

Tsono mwezi watha, ndikukumba kachewere kudimba, uthenga unalowa pa foni. Manja ali matope okhaokha, ndinawapukutira pa chitenje. Anditenga, abale. Anditenga! Ine, mayi wogulitsa kachewere pa mseu, amene anafuna kunditenthera khitchini, ndikupita ku yunivesite!

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankhira pamene pakamwa panga panauma. Ndikuthokoza amuna anga, amene ananyamula mwana m'malo monyamula mlandu. Ndikupemphani, mpingo wa Ambuye, mwana akadwala thamangani naye kuchipatala, zolozana zala zimapha.

Alamu, muli kumbuyoko, musachite manyazi, taimirirani. Mukwezeni Tadala m'mwamba anthu amuone. Uyo! Akupuma, akuseka, ali moyo!

Musandisiye ndikondwere ndekha, chimwemwe chimenechi chandikulira. Amayi, nthungululu zili kuti? Abambo, manja! Akwaya, yambitsani nyimbo, ine ndivina lero! Aleluya! Ameni!