Mawu amene atsala m'foni ya alamu

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1983, achitatu m'banja la ana anayi. Ine ndine mlongo wawo wamkulu. Mundikhululukire ndikamacheukira kumene akhala alamu athu, chifukwa chake mumva.

Sukulu anayamba mu 1989. Kunyumba tinkawatchula kuti a Osakhazikika, poti mpando unkawaotcha. Wailesi ya bambo anaimasula ali ndi zaka khumi, ndipo sinalankhulenso. Mu 2005 anamaliza maphunziro a zamakompyuta ku yunivesite, nalembedwa ntchito yopanga mapulogalamu pakampani ina yonyamula katundu, komwe anakwera mpaka kutsogolera anzawo.

Mu 2009 anakwatiwa ndi aphunzitsi, alamu athuwa. Mu 2014 matenda a shuga anawalanda maso alamu. Malemu sanapirire kuona amuna awo akupempha ana kuti awawerengere mauthenga a pafoni. Analowa m'chipinda chosungira katundu, anakhoma mabulangete m'makoma kuti phokoso lisalowe, n'kuyamba kujambula mawu awo, chiganizo ndi chiganizo. Mwana akangoseka pakhonde, ankayambiranso. Mapeto ake anapanga pulogalamu, foni inaphunzira kuwerenga mauthenga m'chilankhulo chathu, ndi mawu awo enieni.

Mu 2016 pulogalamuyo anaiika poyera pa intaneti kuti aliyense aitenge, aone mmene inalembedwera, aikonze. Yathandiza anthu osaona ambiri. Koma pulogalamu ili ngati denga, silichedwa kudontha: mafoni akasintha imasiya kugwira ntchito, ndipo wokwera pamwamba kukakonza anali malemuwa. Mwa owathandiza munali wina wakutali amene sanaonanepo naye. Ankamutchula kuti a Makani, chifukwa chilichonse chimene malemu alemba, iwo ankachipezera chifukwa.

Mu Okutobala 2024 anawapeza ndi khansa. Kuchipatala anamwino ankawaletsa kugwira laputopu, iwo n'kumaibisa m'bulangete. Imfa sankaiopa. Nkhawa yawo inali yoti tsiku lina foni ya amuna awo idzakhala chete, wokonza kulibe. Udindo woyang'anira pulogalamu anausiyira a Makani omwewo, ati ndi okhawo amene ankawerengadi mzere uliwonse. Anatisiya Lachiwiri, pa 4 Febuluwale 2025.

Chimene ankaopacho sichinachedwe. Kutacha, foni ya alamu inadzisintha yokha, pulogalamu ija n'kusiya kugwira ntchito, zii. Mauthenga achipepeso ankalowa, foni ikungonjenjemera m'manja mwawo. Tinati tiwawerengere, anakana. Chakudya osadya, kukhala pansi osakhala, kumangoyendayenda m'nyumba akugwira makoma. Nanenso mtima unali m'mwamba. Lero m'mawa a Makani atumiza zokonza, mwana wawo wamkulu waziika m'foni, ndipo foni yalankhula. Uthenga woyamba unali wakuti pepani. Alamu apepesedwa ndi mawu a akazi awo. Zandiwawa, komabe ndathokoza. N'chifukwa chake mukuwaona agwira foni kukhutu. Asiyeni.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, mayi athu ndi ife alongo atatu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira nkhutukumve zawo, anzawo akuntchito, oyandikana nawo nyumba, ndi nonse mwabwera kudzatipukuta misozi. A Makani, kumene muliko, zikomo. Denga lija tsopano ndi lanu.

A Osakhazikika, mlongo wanga, foni ikulankhula. Khalani pansi tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.