Mzere Woyamba wa mu Mzikiti

Telala wina wachikulire anafika pasiteji ya basi Lachisanu masana, mkwiyo wa ku mzikiti usanamuthere. Pabenchi anapezapo mayi wogulitsa nsalu amene sankamudziwa n'komwe, koma anangomukhuthulira zonse.

"Mayi, dziko latha ili! Mu mzikiti mzere woyamba ndi wa amene wafika msanga, kaya ndi bwana kaya ndi wosoka zigamba ngati ine. Lero ndalawirira, ndakhala kutsogolo, ndiye akubwera a komiti: 'Madala, tasunthirani kumbuyo, apa pakhala olemekezeka.'"

"Akufuna uphungu aja?"

"Omwewo! Afika ulaliki uli pakati, akudumpha mapewa a anthu, wojambula ali pambuyo. Shehe naye n'kudula ulaliki kuti bwana alonjeze makapeti. Kodi Mulungu amavota?"

"Ndiye mwasuntha?"

"Ndikanatani? Ndaswali mzere wachitatu, chipumi chili pa zidendene za mlonda wawo. Mtima ukundiwawa mpaka pano!"

"Pepani. Komatu inu mwaswali m'kati."

"Mukutanthauzanji, mayi?"

"Chipinda chathu cha amayi, chakuseri kwa katani chija, ayalamo mipando ndi mbale za alendowo. Ife taswali panja, dzuwa lili pamutu, pafupi ndi nsapato zanu. Chimkuzamawu cha kwathu chinafa kalekale, tadandaula mpaka malovu kuuma, koma wa komiti ndi mmodzi yemwe sanabwere."

"Aa! Ine zimenezo sindinazionepo."

"Mukanaziona bwanji, bambo? Mzere woyamba sucheuka."