Maso a Bambo Matewere

Abwana athu a Chisuwo, abusa, Mayi Leticia Matewere ndi ana, madalaivala, amakanika, ndi inu amene mwabwera chifukwa munamva kuti kuli pilau, moni nonse. Anzathu a Chiswahili, lero mutikhululukire, ndiyankhula chakwathu. Adzukulu inu, ndikudziwa kuti mumamva bwinobwino, kungoti kuyankha mumayankha m'Chiswahili. Tcherani khutu, nkhaniyi ndi ya agogo anu.

Ine ndine Ezekiel wa mu ofesi ya makalata. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala tebulo loyandikana ndi Bambo Nicodemus Matewere, amene tikutsanzikana nawo lerowa.

Ndinene poyera chimene tonse timanong'onezana kuseri kwa galaja. Bambo Matewere sakupuma chifukwa chotopa, ayi. Miyendo iyi ikhoza kufika kwawo ku Mbagala minibasi ya daladala isanadzaze. Akupuma chifukwa cha ng'ala. Maso achita chifunga, kalata akuiwerenga ataigunditsa pamphuno. Pa nkhani ya maso imeneyi ndili nawo mlandu, ndipo ndiuzenga pompano, pamaso pa akazi awo. Koma dikirani kaye, ndiyambe ndi mlandu wanga.

Ndinafika pano, pa kampani yathu ya malole mu Dar es Salaam muno, mu 1988, kampani ya boma imene ndinkagwirako itatichotsa. Ndinabwera ndi tayi ndi khalidwe la kumeneko. Kumene kuja, kalata ukailemba, ukaidinda, ukaiponya, basi ntchito yatha. Kuyankha ndi kwa Mulungu.

Mwezi wanga wachiwiri, feteleza wa alimi a ku Kasungu anakhala kudoko. Pankafunika chilolezo chimodzi chokha kuti malole anyamule. Ndinalemba kalata yokongola, Chingerezi chake chothira mafuta. Ndinaponya. Ndinakhala pansi, mwendo pamwamba pa unzake. Patapita sabata, mwini katundu ku Lilongwe anatumiza teleksi ya mawu atatu: "Please follow up." Ine ndinawerenga, ndinagwedeza mutu ngati wamva, ndinaiboola bwinobwino n'kuiika m'fayilo. Mwaukhondo ndithu!

Musaseke, adalaivala athu a Baraka, inunso munachokera komweko.

Bambo Matewere anaipeza. Sanakalipe. Anangoti, "Ezekiel, mwana wanga, mawu awiri omalizawa ukuwadziwa?" Ine ndinati, "Eee, ndi kutsatira." Iwo anati, "Kutsatira ndani? Mzungu akatero sakunena kuti uyende pambuyo pa munthu. Akunena kuti chimene unayamba, uchibwerere mpaka chithe. Kalata ilibe miyendo. Vala jekete."

Tinakwera daladala, tinapanikizana, tayi yanga inatsala pang'ono kutsikira pa siteji ina. Titafika ku ofesi yopereka chilolezo chija anatiuza kuti, "Njoo kesho," kutanthauza kuti bwerani mawa. Ine ndinatembenuka kuti tizipita. Iwo anakhala pabenchi, anavula chipewa, anayamba kufunsa mlonda za matenda a amayi ake. Mawa lake tinapitanso. Mkuja wakenso. Tsiku lachitatu mlonda yemweyo anatilozera khomo loyenera, ndipo kalata yanga yokongola ija tinaipeza pansi pa mulu wa zinzake, isanatsegulidwe n'komwe. Malole ananyamuka Loweruka. Feteleza anafika mvula isanagwe, ndipo ine ntchito sinandithere.

Kuyambira pamenepo mawu awiri aja anasanduka sukulu. Pa tiyi wa teni koloko ankatikhazika pansi, amakanika ndi girisi yawo yomwe. "Ukalonjeza kasitomala kuti umuimbira, n'kumuimbiradi, imeneyo ndi follow up. Dalaivala ukasiya tayala kwa omata, n'kubwerera kukaona ngati amata, ndi yomweyo. Dokotala akakuuza kuti ubwerenso akakuone, n'kupitadi, ndi yomweyonso." Chachitatuchi muchisunge, abale, chigwira ntchito posachedwa.

Nanga chingwe chija ndani sachidziwa? Pamwamba pa tebulo lawo anamanga chingwe ngati choyanikira zovala. Kalata iliyonse yosayankhidwa, kope lake ankalipanika pamenepo ndi pegi. Silitsika mpaka yankho lifike. Mayi Leticia, mapegi anu amene ankasowa kunyumba aja, musakayikirenso aneba. Ali kuno ku Mikocheni.

Itabwera fakisi, tinati tsopano mkuluyu apumula. Kupumula kuti! Tsiku loyamba anatumiza fakisi kwa kasitomala wa ku Kariakoo, kenako anavala chipewa, ulendo wa ku Kariakoo kukafunsa ngati yafika. Atabwerera anati, "Yafikadi, koma ndimafuna ndione ndi maso anga."

Ndipo ndamva kuti khalidweli silinayambire pantchito. Mayi Leticia anandiuza okha kuti Bambo akuwafunsira, anawakana kanayi. Loweruka lililonse munthu uyu, nsapato zopolisha, ali pakhomo: "Ndabwera kudzamva ngati yankho lija lasintha." Mayi, zikomo kuti kachisanu munatopa.

Bambo, nthabwala pambali. Nthawi imene tinkachotsedwa ntchito, ambiri tinkaona ngati dziko latitaya. Zinthu zinkasintha mothamanga, makampani atsopano ankafuna Chingerezi ndi changu, ife tilibe zonse ziwiri. Inu simunatinyoze. Munatiphunzitsa mawu ochepa, koma lililonse munkatiyendetsa nalo pansi mpaka lilowe. Ana anga akudya ndi kuphunzira chifukwa munandiuza kuti ndivale jekete. Ndimakukondani ngati bambo anga ondibereka, ndipo Lolemba ndikaona mpando wanu uli wopanda munthu, zindiwawa.

Tsopano mlandu uja.

Sabata yatha tinkalongedza za m'tebulo lawo. M'dirowa yapansi, kunsi kwa maenvulopu akale, ndinapeza kakhadi ka kuchipatala cha maso. Dokotala analemba kuti abwerenso pakatha mwezi kuti akonze za opaleshoni. Deti lake? Chaka chatha, mwezi wa Epulo! Makalata a anthu onse anakwera pachingwe. Kakhadi aka kokha kanabisidwa m'dirowa.

Ndinawafunsa. Anayang'ana kumbali, anati, "Ezekiel, mpeni m'diso? Nanga akalakwitsa, n'kuzimitsa ndi kakuwala katsalaka?" Abale, munthu amene sanaopepo khomo la ofesi iliyonse mu Dar es Salaam muno, ndinamuona akuchita mantha. Sindinaseke. Inenso ndikanaopa.

Koma Bambo, zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo mwalakwa nokha, munaphunzitsa anthu olimba mutu. Lolemba ndinatenga kakhadi kaja, ndinapita kuchipatala. Mzere unali wautali, tsiku linatha. Lachiwiri ndinapitanso, ndinakhala pabenchi, ndinacheza ndi mlonda. Lachitatu ndinaonana ndi dokotala mwiniwake. Wati ng'ala yotere amachotsa sabata ndi sabata, ndipo ambiri amabwerera kwawo akuwerenga. Wati musachedwenso. Mayi Leticia avomera. Mwana wanu Jackline wapempha kale tchuthi kuntchito. Abwana apereka galimoto, ndipo a Baraka ndi amene ayendetse, alonjeza kuti tsiku limenelo mabampu aziwaona.

Lachinayi likudzali, seveni koloko m'mawa, tili pakhomo panu ku Mbagala kudzakutengani wa kuchipatala. Mukatseka chitseko, tikhala pakhonde. Mukati tibwere mawa, tibweradi. Mukutidziwa.

Mwaseka, Bambo. Ndipo mwagwedeza mutu. Abusa, mwaona nokha, ndinu mboni!

Pitani mukapume, Bambo Matewere. Mukadzuke dzuwa litakwera, mukamwe tiyi wosathamangira. Zaka zonsezi mwawerenga makalata a eni ake. Ife tikufuna Khirisimasi ikubwerayi mudzaimirire kutsogolo m'tchalitchi, mudzatsegule Baibulo lanu la zilembo zing'onozing'ono lija, mudzatiwerengere nokha, adzukulu awa mukuwaona nkhope mmodzimmodzi.

Imirirani nonse, abale. Amakanika, manja amenewo ndi olimba, lero agwire ntchito. Tiwaombere m'manja Bambo Matewere mpaka atimve ku Kariakoo!