Umboni Unali M'khitchini

Loweruka m'mawa, pamzere wogula soseji pa holo ya Asloveniya ku Cleveland, ku America, mayi wina ankadzikupiza dala ndi pasipoti yatsopano, mpaka bambo amene anali kumbuyo kwake analephera kupirira.

"Mayi, ya Slovenia imeneyo? Ine loya wanga walephera kawiri kundipezera unzika wa kumeneko. Chikalata cha ubatizo cha agogo ndili nacho, koma a boma la kumeneko akuti ndisonyeze kuti kwathuko sindinatayeko."

"Nanga pa holo pano mumabwera kangati?"

"Pa Isitala, kudzagula soseji."

"Ndiye mukudabwa chiyani? Ine sukulu ndinalekera panjira, fomu anachita kundiwerengera mwana wanga Mojca. Atati akufuna umboni, ndinakanyamula makope olembamo mayina a ophika m'khitchini ya holo ino. Zaka makumi awiri, Lachisanu lililonse, dzina langa: Zdenka, Zdenka, Zdenka! Mapepala ake mafuta okhaokha, koma anawalandira. Pano Mojca akukaphunzira unamwino ku Maribor, ku Slovenia komweko, ngati mwana wa pakhomo, osati mlendo."

"Ndiye loya uja ndikamuuze chiyani?"

"Muuzeni akapume. Inuyo pindani malaya, bambo, miphika sinatsukidwe uko. Zaka zanu ziyambe lero."