Makope a Nthawi ya Tulo

Mayi telala anafufuta mwangozi miyezo ya mkwatibwi pa kompyuta, mwiniwake atabwerera kale kwawo kutali, foni yosagwira, ukwati uli Loweruka. M'mawa mwake anaitanitsa mkamwini wawo, amene anawaikira kamakina kosunga mafayilo kuseri kwa shelefu ya ulusi. Munthu wabwino mkamwiniyo, koma zoti mawu ena amafunika kuwazungulira sazidziwa.

"Musadandaule, Amayi," anatero. "Makinawa amakopera okha fayilo yonse, akaona kuti papita nthawi popanda woigwira."

"Mayo ine! Ndiye basi, palibe kope. Ine manja anga sapuma."

"Makope alipo ambirimbiri."

"A Lamulungu amenewo."

"A masiku a ntchito, Amayi. Tsiku lililonse, mukangotha kudya masana."

Mayi telala anaika sizasi pansi pang'onopang'ono. Mzere wonse wa mashopu unkawadziwa ngati mayi wosakhala pansi, ndipo mbiriyo ankaifalitsa okha.

"Mukuti chiyani, bambo? Mukuti ndimagona?"

"Ine ayi. Makinawa angoti pamakhala zii."

"Ndimakhala ndikudula nsalu!"

"Mwina. Koma ndikabwera nthawi imeneyo chitseko chimakhala chokhoma, mkatimu mukulira chinachake."

"Ndi mashini osokera!"

"Ndiye afunika mafuta. Amalira kenako n'kupuma, kenako n'kutafuna."

"Iii! Mwana wanga ndinakupatsani kuti muzindiikira alonda m'shopu? Kachotseni kachinthu kabodzako!"

"Chabwino." Mkamwini anagwada, dzanja n'kulunjika pa chingwe. "Kungoti miyezo ya mkwatibwi ipitira limodzi."

"Tayimani kaye!"

Anayima, dzanja lili m'malere. Mayi telala anayang'ana nsalu yoyera ili pa tebulo, yodula mtengo, ya eni ake, yosati n'kuidula mongoyerekeza. Manyazi anawagwira, mantha n'kuposa.

"Tiyerekeze kuti makinawo sanama," anatero motsitsa mawu. "Mungabweze miyezoyo?"

"Pompano. Nditenge kope la dzulo masana."

"La dzulo ayi."

"Ndilo latsopano kwambiri, Amayi."

"Ndati ayi! Dzulo ndinayamba ndafufuta, kenako ndi pamene ndina... ndinadula nsalu."

"Ndiye la dzana? Koma mwina dzana munagwira ntchito osapuma, monga mwanenera. Likhoza kusapezeka."

Mayi telala anasuzumira pakhomo, n'kukankha chitseko ndi phazi.

"Lipezeka," ananong'ona. "A dzana mupeza awiri. Kunali kamvula."