Khoma lomwe njovu inang'amba

Muli bwanji omvera anzanga? Ndine mayi wa ku Mfuwe. Amuna anga atasiya ntchito ya ku loji ya alendo odzaona nyama chifukwa cha matenda, tinagwirizana zogulitsa nyumba yathu kuti tikakhale pafupi ndi chipatala ku Chipata.

Ndinapaka laimu, ndinasintha malata odontha, pabwalo n'kusesa kuti mbee. Kutatsala masiku atatu kuti wogula abwere, njovu inadzadya mango kuseri, n'kukankha khoma la khitchini. Linang'ambika kuyambira pawindo mpaka pansi. Ndinangokhala pakhonde n'kumalira.

Alamu anga anabwera ndi simenti, n'kumata bwinobwino. "Mlamu, za njovu musatchule," anatero. "Akamva athawa."

Wogulayo anali mphunzitsi, ndipo anabwera ndi akazi awo oyembekezera. Nditaona mayiyo akusisita khoma lija, mtima unandipweteka. Ndinati, "Aphunzitsi, apa tamata dzana. Nthawi ya mango njovu zimafika pano."

Aphunzitsiwo anayang'anitsitsa khomalo. Kenako anaseka. "Amayi, ine ndinakulira ku Malama, komwe njovu n'zosasowa. Ndowe za njovuyo ndaziona kale kuseriko. Ndimangodikira kuti ndimve ngati munene."

Anapempha kuti titsitseko mtengo pang'ono, ife tinavomera. Sabata yatha tinasainirana mapepala, ndipo mayi uja wayamba kale kubzala tsabola kumpanda, akuti njovu zimadana naye.

Inu amene mukukonza nyumba yogulitsa, matani ming'alu, koma munenenso chomwe chinang'amba. Wogula nayenso ali ndi maso.